Nshawa za Mbewu

"Ba Chabwela, mudzaboola mtondo wa eni! Nshawa zakulakwirani chiyani?" anatero Ketrina, mayi wodikira mpongozi wake, ndipo amayi onse a m'khumbi la odikira odwala anaseka.

A Chabwela anapitiriza kusinja. Akazi awo anamwalira kale, mkamwini anathawira ku Lusaka mimba isanaoneke n'komwe, tsono wodikira mwana wawo Juliana kuchipatala anali iwo, mwamuna yekha pakati pa akazi.

Khanda la Juliana linabadwa miyezi isanakwane. Analigoneka m'kabokosi kagalasi, kapaipi m'mphuno. Kuyamwa silinkatha. Juliana ankafinyira bere m'kapu, anesi n'kuthira mkakawo m'kapaipi. Koma bere linkangotulutsa timadontho.

"Mwana ayamwa ndi pakamwa, osati ndi mphuno," ankadandaula a Chabwela. "Ine andiletsa kulowa. Ndani aona kumene upita mkakawo?"

"Atate, ba sisita akuti ndizidya, ndisamaganize kwambiri."

"Kusaganiza n'kwa okhuta, mwana wanga."

Komabe m'mawa uliwonse ankasinja nshawa zothira m'phala la Juliana kuti mkaka utsike. Zinali za mbewu, zimene anasenza kuchokera kumudzi kwawo ku Shikabeta. Mvula inali pafupi, thumba likuphwa.

Tsiku lina m'mawa Juliana anatuluka m'chipinda cha amayi akuseka, bulauzi itanyowa pachifuwa, kapu yodzaza m'manja.

"Atate, onani! Wabwera!"

Anamuperekeza mpaka pakhomo la chipinda cha makanda, akuyenda pang'onopang'ono kuti dontho lisatayike. Nesi anawachingamira, koma kapu sanailandire.

"Amake mwana, tabwerani tikhale pansi."

A Chabwela anasuzumira pazenera. Nyali ya kabokosi kaja inali yozima.

Khanda lotere amuna saika, ndipo sililiridwa mokweza. Ketrina yemwe uja ndiye anabwereka khasu, natsogolera amayi kuthengo, kamtolo kali m'chitenje. A Chabwela anatsala pakhonde ndi Juliana, kapu ili pakati pawo, ntchentche zikuizungulira.

"Atate, ukungotuluka. Ndiuchite chiyani?"

"Uli ngati abale athu," anatero. "Afika maliro atatha."

Anakathira mkakawo patsinde pa mtengo wa mango, nakwirira ndi phazi. Kenako anakutumulira nshawa zotsala m'mbale ya Ketrina, amene mpongozi wake anali akufinyabe bere. Thumba lopanda kanthu analipinda, napatsa Juliana kuti aphimbe pachifuwa ulendo wa kumudzi.