Chigoba Chimene Emelia Anasoka

"Alamu, dzina limenelo lisiyeni. Kuno ng'ona sitiseweretsa."

Anatero Rosa tsiku limene anapeza mng'ono wake Emelia ali pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, akusokera mwamuna wake Sebastiano chigoba cha ng'ona. Chinali cha tenti yobiriwira, yotsala pa matenti amene analandira chaka cha madzi osefukira, ndipo mano ake anawadula ku chigubu choyera cha mafuta ophikira. Sebastiano anaseka mpaka kudzimenya pantchafu.

"Mlamu wanga, ndiye ndizitchedwa ndani? Nkhuku ya ku Makhuwira? Ndani angalipire pakhomo kudzaona nkhuku?"

Emelia naye anaseka, koma singano inamubaya chala. Anayamwa magaziwo n'kupitiriza kusoka.

Sebastiano anali mkamwini pamudzipo. Makolo ake anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, iye n'kukulira m'minda ya nzimbe, mpaka tsiku limene a Duncan, mwini masewera ogwetsana, anamuona akutulutsa yekha ngolo m'matope. Kuyambira pamenepo moyo wake unali pa lole ya a Duncan: Nchalo pa mapeto a mwezi, Ngabu pa nthawi ya thonje, Bangula, Dyeratu, kulikonse kumene akanaimika migolo inayi, kuyala matabwa ndi kukunga zingwe. Anyamata ankati ndi resilini.

Masewerawo anali ndi lamulo limodzi: zam'kati sizituluka. Wopambana ankasankhidwa ndi a Duncan lole isananyamuke. Pius, wotchedwa Mphenzi, ndiye anali wokondedwa wa anthu, pomwe Sebastiano ntchito yake inali kudedwa. Amayi akamulavulira, abambo akamugenda ndi zikhokho za nzimbe, ndiye kuti tsiku layenda bwino. Emelia ankadziwa zonsezi chifukwa ndiye ankatsuka mabala ndi madzi a mchere. Ankadziwa kuti magazi a pachipumi amachokera ku kalumo kobisidwa m'nsanza ya padzanja, ndiponso kuti Pius, mdani woopsayo, ndiye anawagulira bafa ndi matewera mwana wawo Favour atabadwa.

Dzina la Ng'ona linagwira ngati moto wa kudambo. Sebastiano ankalowa m'bwalo chokwawa, nakuwa pa chimkuzamawu ndi mawu a pammero:

"Masana ndine munthu! Dzuwa likalowa mukandifune m'Shire! Ana anu muziwawerenga!"

Anthu ankakuwa, ena n'kumajambula ndi mafoni.

Emelia anapitako kamodzi kokha. Sankayang'ana m'bwalo, ankayang'ana nkhope za anthu, ndipo anaona kuti pakati pa oseka panali ena amene sankaseka. Pobwerera anati, "Bambo a Favour, za ana zija muzichotse." Iye anamusisita paphewa, nati mawu amenewo ndi amene anafolera nyumba yawo ndi malata. Zinali zoona. Koma kuyambira pamenepo Emelia akafika kumjigo ankamvetsera ngati nkhani ileke iye akatula ndowa.

Mwezi wa Malichi madzi anadzaza madambo mpaka kufika kumunsi kwa minda ya mpunga. Loweruka lina m'mawa, Glory, mwana wa Rosa wa zaka khumi ndi chimodzi, anapita padooko kukatsuka mbale. Msodzi wina amene ankakonza ukonde chapafupi anangomva madzi kuti khuvu! Anathamanga, naimenya ng'onayo ndi nkhafi pamutu, koma inamira naye. Masiku awiri amuna anapalasa mabwato m'mabango. Anapeza chitenje chokha.

Tsiku limenelo Sebastiano sanali pamudzi. Anali ku Bangula. Anafika Lolemba, maso ofiira ndi kulira, pakuti Glory ndiye ankamuthamangira kukamulandira chikwama. Pachipumi pake panali bala latsopano.

Emelia anaona msodzi uja akuliyang'ana balalo. Anaona akukodola mnzake. Anaona mnzakeyo akutulutsa foni.

Pamaliro anakulunga thunthu la nthochi m'chitenje chija, poti mtembo panalibe. Sebastiano atatenga khasu kuti akathandize kumanda, adzukulu anamulanda mosalankhula. Emelia atalowa m'siwa, amayi anasendera uko ndi uko, n'kumusiyira malo aakulu ngati a anthu atatu. Nyimbo ya kwaya itatha, kunja kunamveka mawu aja pa foni, aang'ono, okhadzula: ana anu muziwawerenga. Emelia anakumbatira Favour mpaka mwanayo anati, "Amama, mukundipweteka."

Pochokera kumanda Sebastiano anachita chimene sanachitepo zaka zisanu ndi chimodzi. Anali ataimbira Pius, ndipo Pius anabwera pa kabaza, opanda malaya ake onyezimira, atangovala shati yakutchalitchi. Awiriwo anaima pakati pa bwalo anthu asanabalalike.

"Makolo anga, imvani," anatero Sebastiano. "Zija ndi sewero. Uyu si mdani wanga, ndi mbale wanga. Pius, ndimenye."

Pius anaponya chibakera. Chinadutsa pafupi ndi tsaya, phazi lake n'kuponda pansi kuti phokoso limveke, ndipo Sebastiano anagwa chagada ngati wafa. Anadzuka, napukuta fumbi.

"Mwaona? Sichinandikhudze. Bala ili ndinadzicheka ndekha, kalumo kake ndi aka. Mawu aja anandilembera a Duncan papepala. Chigoba ichi ndi tenti, anasoka ndi Emelia, mwana wanu yemweyu. Gwirani muone!"

Anachitambasula. Palibe anachigwira. Dzino limodzi linali litathothoka, ulusi wa Emelia uli lendelende.

Mnyamata wina kumbuyo anati, "Aa, ndiye Mphenzi nayenso ndi wabodza? Ine ndinagulitsa nkhuku kuti ndikakuoneni ku Nchalo!" Angapo anaseka, n'kukumbuka kuti ali pamaliro.

Kenako Rosa anaimirira, amayi awiri atamugwira m'manja. Mawu ake anali atasasa.

"Alamu, mukuti zaka zonsezi mumanamiza anthu?"

"Ndi ntchito, mlamu."

"Mumagwa osamenyedwa. Mumalira osapwetekedwa. Ndiye lero, mukulira chonchi, ife tidziwa bwanji?"

Anthu anayamba kuchoka m'magulumagulu. Pius anakwera kabaza wake osatsanzika bwino, maso ali pansi.

Chakumasana a Duncan anaimba. Emelia anamva zonse, poti foni yawo inali yongolankhula mokweza. Sanapepese maliro. Anati zoulula zija azimva ndipo akhumudwa, komabe angakhululuke, chifukwa nkhaniyo yafika kale ku Ngabu, ndipo Loweruka likudzalo anthu adzachita kukwera m'mitengo kuti aone Ng'ona yeniyeni. Sebastiano anazimitsa foniyo. Anakhala pakhonde, chigoba chili pamiyendo, manja ake aakuluwo ali lobodo.

Dzuwa litapendeka Rosa anabwera. Sanadzere kukhomo, anaima kuseri kwa khola la mbuzi kumene Emelia ankatsekera ziweto. Sanayang'anane.

"Eme, anyamata asonkherana. Atuma munthu kukagula petulo. Akuti adikira alendo a maliro achoke, mawa kukangocha."

"Achemwali, inunso mukukhulupirira?"

Rosa anasenda khungwa la mtengo wa khola ndi chikhadabo.

"Ine sindikudziwa kanthu. Ndaika nthochi m'manda, Eme. Nthochi. Ndikatseka maso ndikumva mawu a mwamuna wako. Ndinakuuzani tsiku lija, munaseka. Lero usaseke."

Anatembenuka. Atayenda pang'ono anaima, osacheuka.

"Favour umuveke juzi. Kumtsinje m'mawa kumazizira."

Emelia anapeza mwamuna wake ali pomwe anamusiya. Atamufotokozera, iye anapukusa mutu.

"Nkhabe! Ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Abwere. Andiyang'ane m'maso. Ndinakumba nawo zitsime anthu amenewa, chaka cha madzi ndinabereka agogo awo pamsana."

"Sadzakuyang'anani m'maso, bambo a Favour. Adzatseka chitseko kunja."

"Ndiye ndipite kuti? Kwathu kulibe, ntchito ndaipha ndekha lero. Pano ndi kwanu, munda ndi wa amayi ako, manda a amayi ako ali apo. Iwe tsala, sangakukhudze."

Emelia anayang'ana pabwalo. Favour ankasewera yekha pansi pa nimu, akuphika dothi m'zitsekerero za mabotolo. Tsiku lonse palibe mwana anabwera kudzasewera naye. Mtsikana wa nyumba yoyandikana anali atasuzumira pampanda, mayi ake n'kumukokera m'nyumba. Emelia anaona zaka zonse zakutsogolo zili ndandanda: kumjigo, kusukulu, kutchalitchi, mwana wa ng'ona, mwana wa ng'ona. Ndipo Shire sadzaleka kutenga anthu.

Anayang'ananso mpunga wake kumunsi, umene unali utangoyamba kutulutsa ngala. Anaubzala ndi Glory, mwanayo akudandaula misundu.

Analanda chigobacho pamiyendo ya mwamuna wake. Anafuna kuchiponya pamoto, koma anaganiza kuti utsi wa tenti ununkha mudzi wonse, anthu ati akutentha mankhwala. Anachipinda n'kuchiika pansi penipeni pa thumba, pamwamba pake n'kuyamba kulongedza: bulangete, mapoto awiri, buku la sikelo la Favour, juzi yofiira.

"Eme, ukutani?"

"Mwamuna wa azakhali a Agnesi amaolotsa anthu tambala woyamba akalira. Ine ndi mwana tikakwera bwato limenelo." Manja ake sanaleke kupinda zovala. "Inu munazolowera kugwa pamaso pa anthu osamenyedwa. Igwani kamodzi kenanso, chifukwa cha ife."

Emelia anatuluka, napita kukhola, namasula chingwe cha mbuzi yawo yaikazi ya bere, naikokera ku mpanda wa Rosa. Anaimangirira pamenepo osaodira. Pobwerera anaitana Favour kuti adzasambe kusanade, chifukwa mawa adzuka nkhuku zisanatsike.