Ndinadya Ndisananene

Ndinatsika kombi ku Chikanga kutada kale. Magetsi kunalibe. Kondakitala anandilozera njira ndi chibwano, nkunena za Chishona zimene sindinatolepo kanthu. Ndinayenda. Chikwama kumsana, fumbi la ku Tete likadali kukhosi.

Ndinabadwira mu Mutare momwemu, koma mzindawu sindiudziwa. Tinachoka ndili woberekedwa kumsana, nthawi imene mafamu ankalandidwa, anthu a makolo a ku Malawi nkumauzidwa kuti si a kuno. Bambo anga, a Norman, anasiya ntchito ya njanji nkutitengera ku Limbe. Akulu awo, a Stanford, anatsala. M'mimba mwawo anabadwa awiri okha. Sanaonanenso.

Tsopano bambo anali atamwalira. Tinawaika mwezi wapitawo. Bambo aakulu sankadziwa. Nambala yawo inali itasiya kugwira, ndipo amayi anakana zoti uthenga udutsire pa foni ya munthu wina. Anati munthu wamkulu, wodwala mtima, samva za mng'ono wake pa foni. Ine ndinali pa ulendo wa ku Joni. Sindikhalitsa malo amodzi. Ndagulitsapo mafoni ku Lilongwe, ndatsukapo magalimoto ku Tete, ndathawapo ntchito zabwinobwino chifukwa chongotopa ndi msewu womwewomwewo. Amayi anati podutsa ndikakhotere ku Mutare, ndikanene. Ndinavomera ngati andituma sopo.

Nyumba anandisonyeza ndi mayi wina wogulitsa tomato pa kandulo. Dzina la a Stanford sanalidziwe. Nditati mdala wa ku Malawi, wa zimbale za nyimbo, anaseka nkuloza geti la malata.

Anatsegula ndi amayi aakulu, a Evah. Anandiwunika ndi tochi kumaso nthawi yaitali. Anati nkhope iyi ndi ya Norman, kenako anaitana m'kati. Bambo aakulu anatuluka akukoka mwendo umodzi. Wamtali, woonda, atavala jekete lakale la ku njanji. Ndinanena dzina langa, Simeon. Anandigwira dzanja. Sanafunse za kumudzi. Anangoti ndilowe.

M'nyumba munali nyali ya sola. Anandilozera mpando, ndinakhala. Chikwama ndinatula. Amayi aakulu anabweretsa madzi m'beseni ndi mbale ya mpunga wotendera chiponde. Onse awiri anaima chilili, akundiyang'ana. Ndinaona ngati ndi khalidwe la kuno. Chichokereni ku Chimoio ndinali nditadya nthochi zokha. Ndinaganiza kuti ndiyambe ndapeza mphamvu, mawu abwere pambuyo. Ndinasamba m'manja. Ndinadya.

Bambo aakulu anatulutsa mpweya wautali nkudzigwetsera pa sofa.

“Wadya, Evah. Mwana wadya.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandifotokozera. Anati atandiona pakhomo usiku, wosayembekezeka, mtima wawo unaima. Bambo awo, agogo anga amene anachoka ku Dedza ndi mapazi, anawaphunzitsa kuti wonyamula uthenga wa maliro sakhala pampando, satula katundu, sasamba m'manja kufikira atanena chimene wabwerera. Nchifukwa chake sanandifunse kanthu. Ankangoona ngati ndikhala, ngati ndidya. Tsopano ndadya, ndiye kuti ku Limbe kuli bwino.

Ine ndinakulira m'tauni. Palibe anandiuzapo zimenezi. 

“Nanga mdani wanga uja Norman, akadamverabe oimba ake olira aja?”

Ndinagwedeza mutu. Ndinatapanso mpunga kuti pakamwa pakhale ndi chochita.

Sanadikire kuti ndimalize. Anavundukula nsalu pakona. Panali galamafoni yamagetsi, masipika awiri aakulu, ndi batire la galimoto pansi. M'mbali mwa khoma munali makatoni a zimbale, atasanjikidwa pa njerwa kuopa chinyontho. Anati zambiri anagula ndi bambo anga chaka chomaliza tisanachoke. Azungu a m'mafamu a ku Odzi ankagulitsa katundu pabwalo lina m'tauni asanathawe. Anthu ankalimbirana mafiriji ndi mabedi. Iwo awiri anakankha wilibala yodzaza zimbale, anthu akuwaseka. Pochoka, bambo anga anatenga zonse za nyimbo za sowulu. Za roko zinatsala ndi iwo. Zina za munthu mmodzi woimba ndi gitala wa bokosi palibe anazifuna, ndiye zinangotsalira pomwepo.

Mayina a oimba ankawadziwa, koma sankawatchula. Chimbale chilichonse chinali ndi dzina la m'nyumba muno. Anayamba ndi china chimene ankati Gudzu, sitima ya katundu. Anapukuta ndi mkono wa jekete, anatsitsa singano. Ng'oma zinayamba, zolemera. Anati ndimvetsere: umo ndi mmene sitima imakwerera phiri itasenza matabwa, mawilo akugunda polumikizira njanji. Woimba ng'omayo, anatero, sanakwerepo sitima ya katundu mwina, koma anaidziwa. Mbali yoyamba ya chimbalecho palibe munthu angaifike. Mbali yachiwiri anyamatawo anali atatopa, akufuna kwawo, ndipo nyimbo yomaliza anangoiika kuti adzaze malo.

Za sowulu anazinyoza osazimvera chisoni. Anati mwamuna wamkulu, wa ndevu, suti yonyezimira, kugwada pansi kupempha mkazi abwerere, malipenga kumbuyo akumuthandiza kulira. Chimbale chonse. Mbali zonse ziwiri. Kodi mkaziyo akabwerera aimba chiyani? Norman ankati roko ndi phokoso la ku shedi yowotcherera zitsulo, kuti azungu a tsitsi lalitaliwo anaba nyimbo za anthu akuda nkuzimenya ndi hamala. Apo, anati, Norman anali ndi kamfundo, koma ndisakamuuze.

Amayi aakulu anakhala pafupi ndi khomo la kukhitchini. Anati mkangano umenewu anaupeza pokwatiwa, ndipo unawathawitsira alendo ambiri.

Ndinkadziwa mbali inayo. Ndinakula nayo. Lamlungu lililonse bambo ankaika chimbale cha mayi wina wa mawu okhuthala, nkumayankhula ndi mkulu wawo amene panalibepo. Ankati, imva apo Stanford, ukapeze kuti zimenezi m'zitsulo zakozo. Ndinkaona ngati misala. Mwezi womaliza m'chipatala, anandipempha kuti ndiwasakire nyimbo imodzi ya mayiyo pa foni. Ndinati ndilibe bandulo. Ndinali nayo pang'ono, ndinkaisungira za ulendo.

Ndinatsegula pakamwa kawiri. Kawiri konse bambo aakulu anakweza chala kuti ndidikire gitala adutse kaye.

Atatopa ndi roko anatulutsa chimodzi cha zotsalira zija. Ankachitcha Mayi wa Chimfine, poti woimbayo ankaimbira m'mphuno. Anati zaka zambiri sanachikhudze. Anayamba kuchimvera mwana wawo Nokutenda atapita ku Botswana, nyumba itatsala ndi anthu awiri. Mawu a mayiyo si abwino, gitala wake ndi wa mwana wa sukulu, koma sanama. Akamati kwawo nkutali, umamva kuti nkutalidi. Anati chimenechi nchimodzi chokha chimene iwo ndi Norman akanagwirizana, kungoti Norman anachoka asanachimve. Chinalira. Singano inkathetheka ngati nkhuni zaziwisi. Ndinayang'ana pansi.

Kenako anachichotsa, anachibwezera m'chikuto, anachikulunga m'nyuzipepala. Anati ndikapereke kwa bambo anga. Ndinati ndikupita ku Joni. Anati Joni si kumwamba, ndidzabwerako. Ndikamuuze Norman ayambire mbali yachiwiri, ndipo akamva atumize yankho, asachite ulesi.

Batire linayamba kufooka. Amayi aakulu anawapatsa mapiritsi ndi madzi, nkunena kuti mlendo akasambe. Ananditengera kuseri kwa nyumba ndi ndowa. Anaika ndowa pansi. Anathimitsa tochi.

“Liti?”

Ndinafunsa kuti liti chiyani. Anati ndisawataitse nthawi. Norman sangatume munthu kwa mkulu wake popanda chitonzo. Ngakhale pa foni, moni asanapereke, ankayamba ndi kufunsa ngati makutu a Stanford sanagonthe ndi zitsulo. Ine ndakhala madzulo onse osatula ngakhale chimodzi.

Ndinawauza. Mwezi watha, impso, chipatala cha ku Blantyre. Anagwira khoma. Analira osatulutsa mawu, chitenje chili kukamwa. Ndinati sindinkadziwa za mwambowo, ndikanadziwa sindikanakhudza mbale. Anati akudziwa, ana a m'tauni tonse ndife amodzi, Nokutenda naye akanadya. Koma mdala waona kale ndi maso ake kuti mng'ono wake ali moyo. Ndikalowa tsopano nkunena, adzaona ngati ndinawaseweretsa. Komanso amwa kale mankhwala. Agone.

Ndinafunsa ngati sikungakhale bwino kuti awauze okha ine nditapita. Ndinkafuna zimenezo. Basi ya ku Beitbridge inkanyamuka m'mawa pa depoti ya ku Sakubva, ndipo ndinali nditadziona kale ndili pawindo.

Anayatsa tochi nkundiwunikanso kumaso.

“Anatuma iwe, mwanangu. Kukacha utenge chikwama chako, utuluke pageti, ubwerenso. Ugogode. Usakhale.”

Ndinagona pa sofa, pafupi ndi makatoni. Munkanunkha mapepala akale. Kuchipinda bambo aakulu ankang'ung'udza kanyimbo ka Gudzu mpaka tulo tinawatenga.

Kunja kutayamba kuyera ndinavala nsapato. Ndinatuluka. Kunkazizira. Mapiri amene usiku sindinawaone anali pafupi, atazinga mbali zonse, nkhungu ili m'munsi. Kombi yoyamba inali kale pamsewu, ikuimba hutala. Ndinaima pageti nthawi ndithu. Kutsika kukakwera kunali kosavuta. Palibe akanandithamangira.

Ndinabwerera. Ndinagogoda.

Bambo aakulu anatsegula okha, atafunda bulangeti. Anadabwa. Anafunsa ngati ndinasochera pofuna chimbudzi. Anabwerera m'mbuyo kuti ndilowe, nkukokera mpando pafupi.

“Khala, Simeon.”

“Sindikhala, bambo.”

Anayang'ana chikwama chili kumsana. Anayang'ana mapazi anga, ali kunja kwa khomo. Dzanja lija linasiya mpando nkugwira chitseko.

“Nena.”

“Bambo anatisiya. Tinaika mwezi watha.”

Sanagwe. Amayi aakulu anali kale kumbuyo kwawo, koma sanafunike kuwagwira. Anafunsa pang'onopang'ono, funso limodzi limodzi. Anadwala nthawi yaitali bwanji. Anasambitsa ndani. Anagona manda a m'tauni kapena anawatengera ku Dedza. Ndinati a m'tauni. Anagwedeza mutu. Anati ngakhale akanamva nthawi yake sakanafika, pasipoti alibe, mapepala awo sanalongosokepo. Anafunsa ngati pamaliro panaimbidwa chilichonse cha Norman. Ndinati kwaya ya kutchalitchi yokha.

Ndinayamba kupepesa za dzulo. Anakweza dzanja. Anati njala si mlandu. Kenako anayang'ana kumbali.

“Ndiye dzulo lonse lija ndimakangana ndi ndani?”

 Amayi aakulu anatuluka pabwalo, anamanga chitenje m'chiuno, nkuyamba kulira mokweza kuti oyandikana nawo amve. Mazenera anatseguka. Mayi wina anadutsa pampanda, wina pageti. Mwamuna wina anati akadziwitsa a bungwe la maliro la anthu a ku Malawi. Anayamba kutulutsa mipando panja. Bambo aakulu anawakhazika pa sofa. Azibambo awiri ananyamula makatoni a zimbale kupita nawo kuchipinda kuti anthu apeze pokhala. Bambo aakulu anangowayang'ana akudutsa.

Amayi aakulu anandigwira mkono. Anati ndikhale lero lokha, anthu adzafuna kumva kwa mwana wa malemu. Ndinati basi indisiya. Ndinati kuli munthu akundidikira ku Musina, panjira ya ku Joni, zomwe zinali zoona pang'ono. Bambo aakulu anamva. Anati andileke, wanena kale, ntchito yake yatha. Ndinagwada kuti nditsanzike. Anandigwira pamutu osandiyang'ana.

Pamsewu ndinakumana ndi madala atatu a majekete akuda, akukwera kulowera kunyumbako. Ankayankhula Chinyanja chakalekale, cha agogo. Mmodzi anandiyang'anitsitsa, ngati akufuna kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinawapatukira. Kombi inali itatsala malo amodzi, kumbuyo. Ndinalowa, chikwama pamiyendo. Kondakitala anamenya chitseko, tinanyamuka.