Masamba Oyera m'Buku la Behrad

Ine ntchito yanga ndi yomanga mabuku. Ana asukulu a mumzinda muno wa Sabzevar amabwera nawo kushopu kwanga atathothoka, ine ndimadula msana wake, kuboola, n'kulowetsa waya kuti azitseguka bwino. Ndachita zimenezi zaka makumi awiri, ndiye mwana asandinamize kuti amawerenga. Buku limaulula lokha.

Behrad ndi mwana wa mlongo wanga Pouran. Chaka chatha analemba konkur, mayeso olowera kuyunivesite, akufuna udokotala, koma anatsalira pang'ono. Mnyamata amapatsidwa chaka chimodzi choti ayesenso. Akalephera, amameta mpala n'kupita ku usilikali wokakamizidwa ndi boma, ndipo obwerako n'kudzagwiranso buku ndi owerengeka. Mwayi wa chaka chino unali womaliza, tonse tinkadziwa.

Pakatha milungu iwiri iliyonse ankalemba mayeso oyeserera, mapepala ake n'kudzasindikiza kwa ine. Mlangizi wake wa maphunziro, bambo wina wa jekete lonunkhira, ankangoti vuto ndi fizikisi. Fizikisi, fizikisi, mpaka mwana anaonda ngati bango. Bayoloje ankati ili bwino, poti mayankho olakwa munalibe. Pa konkur ukalakwa mafunso atatu amakulanda limodzi lomwe unakhoza, choncho ana amaphunzitsidwa kuti funso losalidziwa alisiye. Posayankhapo palibe chilango, ndipo palibenso amene amayang'anapo.

Kutatsala miyezi iwiri kuti alembenso konkur, Behrad anabwera ndi buku lake la bayoloje lili m'zidutswa.

"Amalume, mundimangireko ili, lafa."

"Lafa kapena walipha? Umawerenga kapena umatafuna?"

Anaseka n'kupita kukagula buledi. Ine ndinayamba kusanja masamba. Onse anali bii ndi zala, madontho a tiyi, mizere ya zolembera zamitundu itatu. Koma chapakati ndinapeza masamba khumi ndi asanu ndi atatu oyera mbee, ngati angochoka kosindikiza. Pa tsamba loyamba panali chithunzi cha impso. Pomwepo ndinakumbukira kuti impso za Pouran zinasiya ntchito zaka zitatu zapitazo. Katatu pa mlungu amakagona kuchipatala kuti makina amusefe magazi, ndipo womuperekeza ndi Behrad yemweyo.

Ndinatsegula kompyuta momwe ndimasunga mapepala ake. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma liwu loti impso ndimatha kuliwerenga. Mayeso khumi ndi awiri, funso lililonse la impso analisiya osayankha. Apa atatu, apo anayi. Chonsecho pa konkur funso limodzi lokha limakuponya kumbuyo kwa anthu mazanamazana.

Atabwera ndinamuponyera masambawo patebulo. Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa.

"Ichi n'chiyani?"

"Mutu umenewo ndi wovuta, amalume."

"Wovuta! Iwe woloweza ndi matumbo a ziwala omwe? Usandiyese mwana ine. Ukufuna akakumete mpala chifukwa cha ulesi?"

Anaika buledi uja patebulo. Kenako anayankha ndi mawu otsika.

"Ndinayamba kuuwerenga chaka chatha. Pa tsamba lachiwiri pali liwu lomwe lili pa mapepala a amayi akuchipatala. Ndikaumvetsa mutuwu, ndidziwa zimene adokotala sakutiuza. Panopa ndikawaona akumwa tiyi, ndimangoona amayi anga akumwa tiyi basi."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo. Ndinachita manyazi. Anandipempha kuti ndisawauze amayi ake, ine ndinavomera. Koma pakamwa pangapa sipasunga kanthu. Madzulo a tsiku lomwelo ndinali nditafika kale kwa Pouran.

Ndinamupeza atagona pamphasa yaubweya, mkono wobayidwabayidwa uja atausanjika pa pilo. Anamvetsera osandidula mawu. Nditamaliza anati, "Ndimakayikira, achimwene. Kuchipatala amayang'ana khoma, makinawo sawayang'ana." Anaitana Behrad, n'kumutuma kukatenga jumbo la mapepala ake akuchipatala pamwamba pa kabati.

"Khala apa. Tsegula bukulo. Chilichonse chimene uwerenge, uzichipeza pa mapepala angawa."

Behrad anandiyang'ana ndi diso loti mwandigulitsa. "Amayi, ayi."

"Ayi chiyani? Ukufuna udokotala wochiza anthu opanda ana? Aliyense amene adzagone pamaso pako adzakhala mayi wa munthu. Yambira pa ine ndikadalipo."

"Ndikuopa, amayi."

"Inenso ndikuopa. Koma impsozi zandilanda zokwanira. Iwe sizikutenga."

Anatsegula. Kuyambira tsiku limenelo ankapita nalo bukulo kuchipatala, n'kukhala pambali pa makina, chala china pa tsamba, china chikulondola kapaipi kofiira. Anamwino ankamuseka kuti adokotala afika. Masamba aja anayamba kuda ngati anzawo.

Tsiku lina masana analowa m'shopu n'kukhala pampando.

"Ndamvetsa tsopano, amalume."

Sindinamufunse chimene wamvetsa. Ndinathira tiyi makapu awiri, ndipo anazizira osamwedwa.

Tsiku la mayeso linagwera pa tsiku la makina, ndiye amene anaima padzuwa kunja kwa geti pamodzi ndi makolo ena ndinali ine. Behrad anatuluka nkhope ili gwa.

"A impso anabwera anayi. Ndayankha onse."

Zotsatira zitatuluka, anapeza malo a udokotala ku yunivesite ya mumzinda wa Mashhad. Ndinagula makeke bokosi lalikulu n'kugawira msewu wonse, ngakhale mlangizi wa jekete uja ndinamupatsako. Kunyumba Pouran anavala mpango wake wobiriwira wa paukwati, anadya kachidutswa kamodzi ka keke ngakhale adokotala anamuletsa.

Alendo atapita tinatsala atatu. Pouran anagwira dzanja la mwana wake.

"Adokotala, tsopano mwawerenga. Sukulu yanuyi ndi ya zaka zisanu ndi ziwiri. Kodi ndidzakuonani mutavala choyera?"

Ine ndinkafuna kulowererapo, kunena kuti Mulungu ndi wamkulu, monga timanenera tonse. Chaka chatha Behrad akananena zomwezo ndi mtima wonse. Koma tsopano anayang'ana mkono wa amayi ake n'kuyankha.

"Chovala choyera timayamba kuvala chaka choyamba chomwe, amayi, pophunzira. Ndidzabwera nacho Lachisanu loyamba."

Pouran anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamva zimene mwanayo sananene, ndipo inenso ndinamva.

"Ubwere nacho msanga ndithu," anatero. "Ndidzachisite ndekha."