Khadi Logwira Kunja

Mtsikana wa pabanki ku Dedza boma anaika makhadi awiri patebulo, lina lobiriwira lina lakuda, n'kuyambanso kufotokoza chifukwa poyamba paja a Filomena sanamve. Mtima wawo unali ku Kepi, ku Joni uko, kumene mwana wawo Limbikani anagona m'chipatala. Lobiriwiralo akanatha kulitenga tsiku lomwelo, koma limagwira m'Malawi mommuno basi. Lakudalo ndiye limagwira ndi kunja komwe, kungoti limachita kuchokera ku Lilongwe, ndiye kunali kudikira mpaka sabata inayo.

"Ndege yanga ndi ya Lachinayi lomweli, mwanangu," anatero a Filomena.

Mtsikanayo anati pamenepo palibe chimene angachite. Anayang'ana kwa a Kalisto, mlongo wamkulu wa a Filomena, amene anakhala pambali chipewa chili pabondo. Iwowo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo Limbikani anali mphwawo. Ndiwonso anagulitsa ng'ombe yawo yapangolo kuti mlongo wawo asapite kumatenda chimanjamanja.

A Kalisto anati atenga lakudalo. Ndalama ya kwacha ku Joni sigula ngakhale mchere, ndipo kumanga ndalama pachitenje n'kuitana akuba. Limbikani chidwalireni sanagwire ntchito, mkazi wake Sandra akuvutika yekha. Ndiye mayi afike kumeneko azikapempha sopo kwa mpongozi?

"Tikasekedwa, alongo. Adzati kwawo kwa mnyamatayu kulibe anthu."

"Nanga mwana?"

"Mwana ali m'manja mwa madokotala. Kuthamanga sikufika."

A Filomena anadinda chala pamene anawalozera. Atatuluka anaimbira Sandra kuti asinthe tsiku la ndege. Sandra anati iye sanapemphe khadi, anapempha amayi. Koma a Kalisto atatenga foni, Sandrayo, mtsikana wa ku Mayani woleredwa mwaulemu, anangoti wamva amalume, asintha.

Madzulo ake Limbikani analankhula yekha. Mawu ake anali aang'ono ngati akuchokera m'chitsime, koma nthabwala zake sanasiye. Anawafunsa amayi ake ngati nkhani ndi khadidi kapena akuopa ndege. Anawauza kuti m'ndegemo mulibe mabampu ngati msewu wa ku Mphunzi, ndipo asaiwale mfutso wa nkhwani chifukwa zakudya za m'chipatala zikungomveka madzi. A Filomena anaseka, n'kumukalipira kuti munthu wodwala salongolola choncho. Zoona zake, ndegeyo ankaiopadi. Pasipoti anawapangitsa ndi Limbikani yemweyo kalekale kuti adzakaone adzukulu, iwo n'kumangozengereza, chaka chino kuli fodya, chaka chino kuli ukwati. Ndiye sabata yowonjezerayo mumtima mwawo sinawawawe monga inayenera kuwawawira.

Khadi linafika Lachisanu. Sandra anati Loweruka ndege ilipo, ndipo wapeza mnyamata wa takisi paboma amene angawatenge pakhomo mpaka kubwalo la ndege ku Lumbadzi, osaima paliponse. Iye alipira konko.

Apa a Kalisto anakaniratu. Mlongo wawo sangakwere galimoto ya munthu wosadziwika kwawo, yekhayekha ngati thumba la makala. Munthu wopita kutali amaperekezedwa. A Alufeo, a mumphakati mwawo momwemo, kagulu kawo kopempherera limodzi ka kutchalitchi, amapita ku Lilongwe ndi mbatata ya kachewere Lachiwiri lililonse, ndipo anali atavomera kale kuwafikitsa kubwalo la ndege asanapite kumsika. Amayi a mumphakati nawo akwera kumbuyo. Kuwakana a Alufeo ataperekeza kale mawu, mawa mudzaonana nawo bwanji kutchalitchi?

"Achimwene, Loweruka ndi mawa. Lachiwiri ndi kutali."

"Mwadikira sabata yathunthu, mulephere timasiku iti? Kachewere wawo sanathe kukumba."

A Filomena anayang'ana chikwama chawo chimene chinali chomangamanga pakona. Anaganiza za bwalo la ndege limene sanalionepo, zitseko zake, mapepala ake, iwo okha opanda wowalozera. Anati chabwino, Lachiwiri.

Loweruka ndi Lamulungu Limbikani sanalankhule. Sandra ankangoti wagona, amupatsa mankhwala amphamvu. Lolemba anati amuika mapaipi a mpweya, ndipo anafunsa kawiri ngati mawa ndi mawadi.

Lachiwiri kunacha ndi chifunga, chisanu chake cha mu Juni chija cholowa m'mafupa. A Filomena anakhala kutsogolo pakati pa a Alufeo ndi a Kalisto, khadi atalisokerera m'kathumba mkati mwa bulauzi. Kumbuyo, pamwamba pa matumba a kachewere, panakhala amayi a mumphakati atafunda zitenje mpaka kumutu, a Jesinta akutsogolera nyimbo za kutchalitchi. A Alufeo ankawaseka a Filomena kuti akabwerako azidzayankhula chizungu ndi nkhuku zomwe, ndipo asadzawaiwale anthu a fumbi. Galimoto inkalira pachitunda chilichonse koma inkakwera. Nthawi inalipo yambiri, ndege inali ya masana.

Pa Chimbiya anaima kuti a Alufeo athire madzi mu injini. Anyamata ootcha nyama anali atayamba kale kukoleza, amayi a tomato akuyala milu yawo m'mbali mwa msewu, makondakitala akulimbirana anthu. Pomwepo foni ya a Kalisto inalira. Anayang'ana dzina, n'kutsika. A Filomena anaona kuti ndi Sandra, ndipo anadabwa kuti bwanji sanaimbe pa yawo, imene inali m'manja mwawo ili yoyaka.

A Kalisto anayenda nayo foniyo mpaka kuseri kwa mabenchi a tomato. Anaima chopereka msana. Anakhalitsa kumeneko. Pobwera sanalunjike kutsogolo, anapita kaye kwa a Alufeo n'kuwanong'oneza, kenako kwa a Jesinta. Nyimbo ya kumbuyo ija inathera pakati.

Kwathu kuno mayi sauzidwa za imfa ya mwana wake panjira. Amamutengera kaye kunyumba, amukhazike pamphasa, amayi anzake amuzungulire, ndiye mawu atuluke. Amaopa kuti angadzigwetse mumsewu kapena kukomoka popanda womugwira. A Filomena ankazidziwa bwino zimenezi. Iwo omwe anatumidwapo kukatenga mnzawo kudimba, n'kumunamiza kuti kwabwera alendo.

A Alufeo anabwera pawindo akupukuta manja, maso ali pansi. Anati galimoto yatentha kwambiri, ku Lilongwe siikafika, bola abwerere pang'onopang'ono kumudzi akaione bwino, za ndege akambirana ndi Sandra. A Kalisto anafika ndi botolo la Fanta ndi sikono, n'kuwapatsa alongo awo kuti adyeko. Chibadwire chawo a Kalisto anali asanawagulirepo Fanta.

A Filomena analandira botololo n'kuliika pansi pa mpando.

"Achimwene, wapita nthawi yanji?"

"Ndani? Iyayi alongo, ndi galimotoyi..."

"Injini ikulira bwinobwino, ndikuimva. Musandichite ngati mwana. Ndinamubereka ndine."

A Kalisto anavula chipewa.

"M'mawa womwe uno. Tili pa Linthipe paja."

A Jesinta anali atatsika kale, ataima pakhomo la galimoto manja ali chire kuti awagwire. Koma a Filomena sanagwe, sanakuwenso. Anakhala choncho akuyang'ana galasi lakutsogolo limene linali ndi mng'alu. Kenako anapempha kuti awapatse njira atsike, ndipo awatsitsire chikwama chawo.

A Kalisto anayamba kufotokoza mofatsa. Anati tsopano ulendo watha ntchito. Thupi libwera pamsewu monga amabwerera anzake onse omwalira ku Joni, anyamata a kwathu kumeneko amasonkherana, amadziwa mayendetsedwe ake. Mayi wa malemu malo ake ndi pasiwa. Anthu akayamba kufika kudzapepesa, apeze ndani? Amve kuti make wakwera ndege tsiku lomwe mwana wamwalira?

"Apeze inu," anatero a Filomena. "Ndinu mwini mbumba."

"Alongo, pepani. Ine ndimati ndikonze zonse bwinobwino."

"Mwakonza, achimwene. Khadi ndili nalo, operekeza ndili nawo. Inenso ndinavomera ndekha, simunandimange chingwe. Koma Lachinayi lija akanandiona ndi maso ake."

Mnyamata wina wogulitsa mazira anafika pafupi, n'kuona nkhope zawo, n'kubwerera.

A Filomena anati bokosi lochokera ku Joni limafika patapita masabata, lokhomedwa, nthawi zina osalola n'kutsegula komwe. Iwo akufuna akamuone mwana wawo nkhope isanasinthe, akamutseke pakamwa ndi manja awo. Ndiponso kuli mwana wa eni kumeneko, Sandra, amene wadwazika yekha, ndipo lero wagona ndi maliro yekha m'dziko la eni, ana ali pamsana. Akabwera naye limodzi mwana wawo, pamsewu pomwepo ngati kuli kutero.

A Alufeo anati basi, ngati ndi choncho akwere awafikitse, galimoto ilibe vuto. A Filomena anapukusa mutu. Anati amayi ali kumbuyowa abwerere nawo, akayambe kusesa pakhomo ndi kutunga madzi. Kachewere adikira.

Minibasi ya ku Lilongwe inali itaima patsogolo pang'ono, kondakitala akumenya chitseko kuti kwatsala anthu awiri. A Jesinta anamanga chitenje chawo bwino n'kunena kuti iwo apita nawo mpaka pakhomo la ndege, ku Lilongwe akudziwako, pa depoti akapeza ya ku Lumbadzi. A Filomena anagwira chikwama kuti asenze, koma a Kalisto anawalanda. Anachinyamula okha paphewa, mwendo wawo wovuta uja akuukoka, n'kukachilowetsa pansi pa mpando wa minibasi. Anamuuza kondakitala kuti mayiwa awakhazike pawindo, asawapanikize. Anafuna kunenanso china kwa alongo awo, koma chitseko chinatsekedwa.

Anaima m'mbali mwa msewu mpaka minibasi inabisika kuchitsikireko. Pamwamba pa matumba paja mayi mmodzi anali atayamba kusisima, anzake akumuletsa kuti adikire afike kumudzi.

A Alufeo anatembenuza galimoto. A Kalisto anakwera, chipewa chikadali m'manja, ndipo pakati pawo panatsala malo a munthu mmodzi.

"Tidzere kaye kuparishi," anatero. "Tikawauze abambo mfumu, aimbe belu."