Pepala Lokaonetsa a Daphne

Kwa zaka khumi ndi zinayi, Constance Nthanda anali ndi chitseko chake chothawirapo. Wodwala akapempha zosatheka, iye ankamwetulira n'kunena kuti, "Ndikafunse kaye adokotala." Ankatuluka m'chipinda chake cha kukiliniki ya anthu a ululu wosatha, n'kukaima pawindo kuonerera nkhungu ikukwera kuchokera mu mtsinje wa Humber, kuno kudziko la Angerezi, kenako n'kubwerera ndi yankho lomwe ankalidziwa kale asanatuluke. Kukana kunkakhala kwa adokotala. Iye ankangokhala wotumidwa, poti mwana woleredwa bwino ku Ntcheu sanena "ayi" pamaso pa munthu wamkulu.

Tsono taonani zomwe anadzichita yekha. Anapita kukosi, anawerenga mpaka maso psuu, anakhoza mayeso, ndipo kalata inafika yoti namwino katswiri Constance Nthanda atha tsopano kulembera odwala mankhwala payekha, osadikira dokotala kuti asaine. Kutchalitchi amayi anamuimbira nthungululu. Palibe amene anamukumbutsa kuti chitseko chija chakhomedwa misomali.

M'basi popita kuntchito ankatsamira pagalasi n'kumalota pepala lake loyamba. Ankaona munthu akulowa akubuula, iye akulemba, munthuyo akutuluka ali chiriri. M'maloto onsewo iye ankakhala wopatsa.

Lolemba masana kunalowa a Alfred Thompson, bambo a ku Zomba omwe anagwira ntchito yonyamula katundu m'nyumba zosungiramo zinthu za mu Hull mpaka msana unawakana. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Tupochile, yemwe anali atamangirira khanda lake pachifuwa. Constance anali atawerenga kale fayilo yawo: opareshoni ya msana, mapiritsi amphamvu opha ululu omwe ankangowonjezeredwa chaka ndi chaka, ndi chifuwa chosalimba. Akazi awo, a Daphne, omwe analinso namwino, anamwalira zaka ziwiri zapitazo.

Atamva moni wa Chichewa, a Alfred anatsegula maso ngati munthu wodzutsidwa m'basi atafika pa siteji yake.

"Ndiye zayenda," anatero. "Mayi, ine sindichulutsa. Mundiwonjezereko pang'ono mapiritsi aja."

"Ululu wakula, bambo?"

"Ululu uli pomwe unali. Koma masiku ano mayi akunyumba akumabwera mochedwa, ndipo sakukhalitsa."

Tupochile anayang'ana pansi. A Alfred anafotokoza mosathamanga, ngati nkhani ya mvula. Akadya nkhomaliro amamwa mapiritsi n'kukhala pampando wa pawindo. Msewu wa nyumba za njerwa zofiira uja umayamba kufewa. Mbalame zoyera za kunyanja zimasiya phokoso, kuseri kwa madenga kumatulukira phiri la Zomba lili ndi mtambo wake pamutu, ndipo basi yochokera m'tauni ya Hull imadutsira ku Chinamwali popanda wodabwa. M'basimo mumatsika a Daphne, ali mu yunifomu. Amalowa osagogoda, amavula nsapato pakhomo, n'kusanjika mapazi otopa pa miyendo ya amuna awo. Amacheza za anthu akale, za mtengo wa mapeyala womwe anausiya usanabale. Nthawi zina sayankhulana n'komwe.

Constance anapezeka kuti wasiya kulemba. Chipinda chinali chofunda, nkhungu inali itaphimba windo, ndipo mawu a bamboyo ankamutenga mpaka iyenso anamva fungo la fumbi lonyowa. Anawachitira nsanje, zoona. Mayi ake anamwalira iye ali kuno, ndipo sanamubwerere kutulo ngakhale kamodzi.

Anamudzutsa ndi Tupochile, m'Chingerezi chothamanga cha ana okulira kuno. Adadi agwa kawiri mwezi uno. Lamlungu anagona patebulo supuni ili m'manja, akupuma motalikitsa moti iye anawagwedeza akulira. Ndipo khandali lakwanitsa miyezi inayi agogo ake asanalinyamulepo, chifukwa angaodzere nalo m'manja.

"Amandimana mdzukulu," anatero a Alfred, mopanda mkwiyo.

Constance ankadziwa zomwe zinali patsogolo pake. Akawonjezera mapiritsi, tsiku lina bamboyu adzakhala pampando uja osadzukanso. Akachepetsa, awalanda akazi awo kachiwiri. Ndipo kwathu munthu wopita kuchipatala amayenera kubwerako ndi mankhwala m'thumba. Wobwerako chimanjamanja amati amunyoza. Miyendo yake inaimirira yokha, dzanja linafika pa chitseko.

"Ndikafunse kaye..."

"Mukafunse yani, mayi?" anafunsa a Alfred. "Mwanayu wandiuza kuti tsopano mumalemba nokha. N'chifukwa chake ndavala jekete."

Aa, manyazi amene anamugwira Constance! Ankatha kupita ndithu, adokotala analipo ndipo sakanamukaniza malangizo. Koma pa nkhani iyi panalibe chomwe iye sankachidziwa. Anasiya chitseko, anakokera mpando wake pafupi, n'kuutsitsa kuti mutu wake usapitirire wa bamboyo.

"Bambo, mundikhululukire. Sindiwonjezera. Ndikufuna tichepetse."

Mawuwo anatuluka ouma, ndipo dziko silinagwe. Anapitiriza. Anawauza kuti thupi lawo lazolowera mankhwalawo, n'chifukwa chake malotowo akufupika, ndipo kuwathamangitsa ndi mapiritsi ena n'kuika mpweya wawo pachiswe. Sadzawachotsa kamodzin'kamodzi ayi. Adzachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, azidzaonana pakatha milungu iwiri iliyonse, ndipo msanawo adzauthandiza ndi njira zina.

"Ndiye kuti mayi aja asiya kubwera?"

"Mwina asiya, bambo. Sindikunamizani."

Khanda linayetsemula. Constance anadikira kuti a Alfred anyamuke mokwiya, kapena amufunse kuti ndi mwana wa yani wopanda mwambo chonchi.

"Mulembe papepala," anatero pomaliza. "Zonse mwanenazi, ndi dzina lanu pansi. Ndikawaonetse. Iwo aja ndi anamwino, za pakamwa savomera."

Choncho pepala loyamba la Constance Nthanda, lomwe analilota m'basi miyezi yonse ija, linali lochotsa. Atamaliza za pakompyuta anatenga pepala lina n'kulemba ndi dzanja, m'Chichewa, mlingo wa mlungu uliwonse ndi chifukwa chake. Anasaina. A Alfred analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la pamtima.

Patatha milungu iwiri anabwera ali ndi maso ofiira chifukwa chosowa tulo, akudandaula msana ndi thukuta.

"Awerenga," anatero asanakhale n'komwe. "Akuti kalembedwe kanu n'koipa ngati ka dokotala. Koma akuti mwalemba zoona."

Miyezi inapita. Masiku ena ankabwera okwiya, osafuna n'kumuyang'ana. Ankamuuza kuti phiri lija layamba kuchepa, kuti basi yasiya kudutsira ku Chinamwali, kuti a Daphne akumangokhala mphindi zochepa. Constance ankamvetsera, n'kulemba mlingo wotsatira, mtima ukumupweteka. Ulendo wina anaimitsa kuchepetsako kwa milungu iwiri poona kuti bamboyo wafooka, kenako anapitiriza. Pa chitseko paja sanapitenso.

Tsiku lina la dzuwa, nkhungu itabalalika moti tsidya lina la Humber linkaoneka, chitseko chinatseguka ndipo kunalowa a Alfred, khanda lili m'manja mwawo. Tupochile ankabwera pambuyo atanyamula chikwama chokha. Bamboyo anakhala pansi mosamala, maso ali gwa, oyera, a munthu amene ali pano.

"Basi, mayi. Sabweranso."

"Pepani, bambo," anatero Constance, ndipo misozi inamulengeza osaibisa.

"Anabwera komaliza Lachinayi lapitalo. Ndinadziwa nditangoona kuti sanavule nsapato." Anakonza kachipewa ka mdzukulu wawo. "Anangoima pakhomo, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, 'A Alfred, mwanayo muzimugwira bwino mutu.'"

Ndipo dzanja lawo linali pomwepo, kuseri kwa kamutu kaja.