Ngolo Yopanda Makoma ku Zwolle

Inali sabata yanga yoyesedwa ntchito, ndipo abwana anati ndikangogunda kanthu ndisabwererenso. Ndinafika mumzinda wa Zwolle ndi matabwa pa ngolo yopanda makoma yokokedwa ndi lole. Ndinabweza lole cham'mbuyo kasanu ndi kawiri, thukuta lili kamukamu, mpaka ngoloyo inalowa pakati pa malole awiri, pakhomo lotsitsira katundu.

Mayi Dieuwke, oyendetsa makina otsitsira, ankaonerera akumwa khofi.

"Mwamaliza, a dalaivala? Luso limeneli ndi la kusukulu?"

"Eya, mayi."

"Zikuoneka. Nanga ine ndilowera pati? Ngolo yotereyi timatsitsira m'mbali. Tulukani, mukaime pabwalo pomwe munayambira paja."

"Bwanji osandiuza?"

"Khofi anali asanathe."

Potuluka ndinaswa galasi la lole ya kumanzere. Mayiwo anaomba m'manja.