Malungo Anamutsatira Lotfi ku Alexandria

Tsiku lachitatu la tchuthi chake ku Alexandria, mzinda wa padoko ku Iguputo, Lotfi anadzuka akunjenjemera, pomwe kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Zinamuzunguza mutu. Miyezi isanu ndi iwiri anakhala m'nkhalango za pakati pa Africa ndi asilikali anzake a ku Tunisia, akusungitsa mtendere, osadwala ngakhale chimfine. Lero amupatsa masiku khumi oti apumule, thupi n'kuyamba zimenezi?

Za mapiritsi oteteza ku malungo sanaziganizire n'komwe. Anawasiya milungu iwiri yapitayo atangomva kuti tchuthi chavomerezedwa, ngakhale dokotala wawo anati azimwabe. Lotfi ankati kumene akupita kulibe malungo.

“Yakulowa mphepo ya padoko basi,” anatero Mongi, msilikali mnzake. “Dzulo unakakamira kumadzi ngati sunaonepo sitima. Tiye kosambira kwa nthunzi ukatulutse thukuta.”

“Bwanji tidzere kuchipatala?”

“Iwe, ukangotchula kumene tachokera akakugoneka, tchuthi n'kuthera pabedi. Wabwerera zimenezo?”

Anapitadi. Thukuta linachita kuyenderera, Lotfi n'kupezako bwino, ndipo Mongi anayenda modzitama ngati dokotala wamkulu. Koma malungo ndi achinyengo: amakusiya pang'ono kuti uziti wachira.

M'mawa mwake Lotfi anapezeka ali pamsika wa nsomba, osadziwa kuti wafikapo bwanji. Sitima italiza lipenga, iye anaima njo, kuyesa ali pa perete. Kenako anagwira mkono wa wogulitsa nsomba.

“Achimwene, njira ya kwa amayi anga ndi iti? Amakhala kuseri kwa mzikiti.”

“Mzikiti wake uti, m'bale wanga? Ilipo mazana muno.”

“Si muno mu Sfax, kwathu ku Tunisia?”

“Sfax? Kuno ndi ku Iguputo, bambo! Mwadya chiyani?”

Lotfi anafuna kuyankha, koma anagwa pansi.

Kuchipatala namwino wachikulire, mayi Nagwa, anafunsa Mongi amene anafika ali wefuwefu: “Mwachokera kuti?”

“Ku Tunisia, amayi.”

“Nanga miyezi yapitayi munali kuti?”

Mongi anakanda mutu, kenako anaulula zonse. Mayi Nagwa anathamangitsa magazi kokayeza, ndipo pobwerako sanamunyengerere.

“Ndi malungo, ndipo afika ku ubongo. Kuno timatha chaka osawaona, mwana wanga. Mukatibisira kumene munali, ife timalimbana ndi chimfine munthu akupita. Tizilombo timayenda nanu m'magazi, sititsala ndi udzudzu. Mukanachedwa tsiku limodzi, bwenzi tikulembera mkazi wake.”

Lotfi anatsitsimuka patapita masiku asanu ndi limodzi. Denga silinali la hema, silinali la kwawo. Mayi Nagwa anamuika lamya pakhutu.

“Ababa! Mwadzuka?” anatero mawu a kamtsikana.

Mawuwo anawadziwa, mpaka mtima unamuwawa. Koma dzina la mwana wake yekhayo linasowa. Analifunafuna m'mutu monse, mwanayo akudikira.

“Ababa, ndine Sirine. Mwandiiwala?”

Lotfi anayamba kulira. Mongi anatembenukira kukhoma.

Phunziro: Mankhwala oteteza ku malungo amwedwe mpaka tsiku limene dokotala ananena, ngakhale mwachoka kodwalitsako. Thupi likatentha muli paulendo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze kumene mwakhala muli musanafunsidwe.